Makeni Awiri a Tobias Muhaniwa

Ine ntchito yanga ndi kukhoma zidebe pa Wimbe, pansi pa mtengo wa mango womwe uli pafupi ndi golosale ya a Amisi. Sukulu ndinalekera sitandade folo, ndiye mukapeza mawu opindika muno muwongole nokha, ine ndimatha kuwongola malata basi. Nkhaniyi ndi ya a Tobias Muhaniwa, tenanti wa pa esiteti ina kuseri kwa dambo, munthu amene ndinamunyogodola zaka khumi ndi zinayi osapumira, iyenso osandisiya.

A Tobias anabwera kuno pa lole kuchokera ku Phalombe, ali ndi akazi awo a Dyna, mphasa imodzi, mapoto awiri ndi wayilesi yopanda mabatire. Tsiku loyamba kufika pa ine anabweretsa keni yodontha. Nditamva kalankhulidwe kawo ndinawafunsa ngati kalongonda watha kwawoko kuti afike mpaka kuno. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti anamva zoti Achewa a ku Kasungu khasu limawapatsa chizungulire, ndiye abwera kudzatilimira. Kuyambira pamenepo ine ndinkawaitana kuti Mlomwe wanga, iwo n'kumanditcha madala aulesi.

Kwawoko kunalibe chobwerera. Iwo anali mkamwini, ndipo kamunda ka akazi awo, koti ukayalapo mphasa zitatu watha, kanatengedwa kalekale ndi mng'ono wawo wa a Dyna yemwe ali ndi ana asanu ndi mmodzi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Gladness, anakwatiwa ku Mzimba. Choncho nyumba ya udzu ya pa esiteti ija ndiyo inali kwawo, ngakhale inali ya eni.

Tsono pa esiteti imeneyo pali kachitidwe kake. Mwini wake amakhala mu tawuni, amabwera mwa apo ndi apo. Amene amayendetsa zonse ndi kapitawo, a Raymond. Chaka chilichonse nazale ya fodya ikafesedwa, a Raymond amaima pa chulu sabata yathunthu, m'mawa ndi madzulo, kuonerera matenanti akuthirira. Safunsa mafunso, safuna kalata. Mwamuna amene akunyamula makeni awiri odzaza kuchokera pachitsime cha kudambo kufika pa mabedi ake, kupita ndi kubwerera mpaka mabedi akhute, ameneyo ndi tenanti wa chaka chimenecho. Amene walephera amapereka nyumba kwa wina. Mkazi payekha salembedwa, ngakhale atakhala ndi mphamvu za ng'ombe yapangolo. Anayambitsa zimenezi ndani, palibe akudziwa. Tinangozipeza.

Sabata imeneyi kwa a Tobias inali ngati ya chikondwerero. Ankathamanga nawo makeni, madzi osatayika, akuimba nyimbo za kwawo zomwe ife sitinkazimva koma tinkadziwa kuti akutitukwana. Anyamata a zaka makumi awiri ankapumira katatu iwo asanapume n'kamodzi komwe. Ine ndinkawauza kuti tsiku lina adzathyoka msana kulemeretsa munthu amene sadziwa n'komwe dzina lawo. Iwo ankati bola kuthyoka kusiyana n'kuwola pansi pa mango ngati ine.

Sanathyoke msana. Chinawagwetsa ndi kawaya.

Unali mwezi wa Epulo, fodya ali m'zigafa. Anaponda kawaya ka dzimbiri, kanalowa pachidendene. Anathirapo mchere, kumanga kansanza, n'kubwerera kukapachika fodya. Patapita sabata ndi masiku anadutsa pa ine akulankhula mano ali gwa, nsagwada zikukana kutseguka. Ine ndi kamwa langali ndinaseka, ndinati a Dyna apeza mankhwala otseka wayilesi ya m'nyumba. Anayesa kuseka, nkhope inangokokeka ngati chikumba chouma. Mawa lake thupi lonse linayamba kuuma ndi kupindikira kumbuyo. Anawanyamula pa ngolo mpaka pamsewu, kenako ku boma, ndipo kumeneko anati ndi kafumbata, ambulansi iwatengere ku Lilongwe.

Anakhala masabata asanu m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Zambiri ndinamva kwa a Dyna pambuyo pake. Akuti anawagoneka ndi mankhwala, kuwaboola pakhosi, makina n'kumawapumira. A Dyna ankagona kumalo a magadiyani, kuphika pa mafuwa obwereka, ndipo ankaloledwa kulowa kanthawi kochepa, atavula nsapato n'kusamba m'manja mpaka m'zigongono. Akalowa ankapeza munthu wotupa nkhope, mapaipi mbali zonse, osawazindikira. Anamwino ankawauza kuti aziwalankhula, mwina akumva. A Dyna ankangowauza za nkhuku, kuti yathadzi ija yaswa anapiye asanu ndi awiri, pomwe sankadziwa ngati nkhukuyo ilipo.

Kuno mbiri ya maliro inafika kawiri. Kachiwiriko anthu anayamba kale kusonkhanitsa nkhuni. Fodya wawo anamusankha ndi matenanti anzawo, aliyense tsiku lake, chifukwa mawa zili pa iwe.

Anabwerera mu Julaye, kukuzizira. Anthu anakhamukira kunyumba kwawo, amayi kululutira, abusa kupemphera, aliyense akuti Mulungu ndi wamkulu, a Tobias achira. Ine ndinafika mochedwa dala, nthabwala yanga nditaikonza kale panjira. Ndinafuna kunena kuti ngakhale kumanda Alomwe akuwabweza. Nditasuzumira m'nyumba nthabwala ija ndinaisiya. Pamphasa panali munthu wa miyendo ngati mitengo ya chigafa chakale yodyedwa ndi chiswe. Pakhosi panali chipsera chonga batani. Atandipatsa moni, liwu linatuluka ngati mpweya wa tayala loboka.

"Madala aulesi," anatero. "Mukadali moyo?"

Ndinayankha kuti ndimadikira iwo atsogole. Anamwetulira, n'kugona pomwepo ndisanamalize kukhala pansi.

Alendo anatha patapita masiku atatu, monga amathera pa maliro. Otsala anali a Dyna. Kuwadzutsa, a Dyna. Kuwasambitsa, a Dyna. Kuchimbudzi ankapita atakolowekana ngati oledzera awiri, mayiyo ali pansi pa mkhwapa mwa bamboyo. Kapu ya phala inkagwa m'manja. Nsima ankatsamwa nayo pokhapokha ikhale yofewa ngati ya khanda. Ankafunsa katatu pa tsiku ngati fodya anapita ku okushoni, ndipo akauzidwa kuti anapita kalekale ankakwiya kuti bwanji sanawauze. Munthu amene sanakwezepo mawu pa mkazi wake anayamba kutukwana ndi kaliwu kosamveka kaja, kenako n'kulira.

Tsiku lina ndinawanyamula pa njinga kuti akaone anthu pa Wimbe. Titakhala pakhonde pa a Amisi, foni ya munthu wina inalira kuti ti, ti, ti. A Tobias anagwira dzanja langa mpaka zikhadabo kulowa, thukuta kamukamu. Atakhazikika anandiuza zomwe sanauze ngakhale akazi awo. Akuti kuchipatala kuja sankadziwa kuti ali kuchipatala. Ankaona kuti awasoka pakhosi ngati tsamba la fodya n'kuwapachika m'chigafa, ndipo anthu ovala zoyera ankabwera kudzawagwiragwira, kuona ngati auma. Akuti mpaka pano akatseka maso amabwerera m'chigafamo. Anandifunsa ngati imeneyi ndi misala. Ine wa sitandade folo ndikanadziwa chiyani? Ndinangoti ngati anali fodya ndiye anali wa giredi yotsika, n'chifukwa chake amubweza. Anaseka pang'ono. Dzanja langa sanalisiye.

Kuchipatala anawapatsa pepala la zithunzi za kamunthu kakuchita mafizo. Kuima ndi kukhala pampando kakhumi. Kufinya chinkhupule. Kuyenda pang'ono, mawa kuonjezerapo. Anawauza kuti azidya mazira ndi mkaka, ndiponso azibwerera ku Lilongwe mwezi ndi mwezi. Mpando analibe, ankagwiritsa ntchito chitsa. Mazira ankadya nkhuku ikakumbuka. Ku Lilongwe anapitako kamodzi. Ndipo dokotala anali atawauza a Dyna mosabisa kuti mphamvu zimabwerera pang'onopang'ono, mwina miyezi isanu ndi umodzi, mwina chaka, mwinanso osabwerera zonse.

Koma nazale sidziwa dokotala.

Kumapeto kwa Ogasiti a Tobias ankatha kuyenda okha mpaka kudambo, atagwira ndodo. A Dyna anabwera pa ine ndi makeni awo awiri akale kuti ndimate. Ndinawayang'ana bwinobwino kwa nthawi yoyamba. Mayi uja anali atatha ngati ndiye anagona pa makina. Palibe anali atawafunsapo kuti adzuka bwanji, tonse tinkafunsa za odwala. Anandiuza kuti anakagwada kwa a Raymond, ndipo a Raymond anati pa chulu adzaima monga mwa chaka chilichonse, zina sangathe. Anandiuzanso kuti dzulo lake a Tobias anayesa kunyamula keni imodzi yodzaza kuseri kwa nyumba, anayenda mapazi asanu n'kugwa nayo.

Nzeru yopusa ija inali yanga, ndisanamizire wina. Ndinawauza kuti asiye makeniwo abwere Lachinayi. Ndinadula lata, n'kumata pansi pena m'kati mwa keni iliyonse, chapakati, mwakuti kunja ikuoneka keni yathunthu koma madzi akulowa theka lokha. Pansipo mpweya basi. Madzi a kudambo ndi amatope, munthu sangaone pomwe pathera. A Amisi anaima pakhonde kundionerera nthawi yaitali, kenako anati maso awo masiku ano akuvuta, sakuona chilichonse, n'kulowa m'golosale.

A Dyna atabwera n'kunyamula, anazindikira msanga. Anakhala pansi pa dothi.

"Agogo, akadziwa bambo a Gladness sadzandikhululukira. Munthu uja ndi wonyada."

"Ndiye musawauze."

"Nanga mabedi? Madzi atheka fodya amera?"

Ndinati masana a Raymond akapita kukadya, iwo azibwereza ndi ndowa yawo. Anandiyang'ana ngati akufuna kundifunsa kuti msana ali nawo ungati. Anamanga makeniwo pansalu n'kumapita.

Tsiku loyamba la sabata ija ndinatseka ntchito n'kupita kudambo, ndikunamizira kuti ndikufuna makasitomala. A Raymond anali pa chulu, chipewa chili kumaso. Matenanti ali pamzere pachitsime. Itafika nthawi ya a Tobias anthu anapatuka. Anawerama n'kuponya keni m'madzi. Apa ndi pomwe panaonekera kuti ine si injiniya. Keni inakana kumira. Inangoyandama chammbali ngati chikho, mpweya uja ukuikankhira m'mwamba. Anaikanikiza ndi dzanja, inabwerera. Anaikanikiza ndi bondo mpaka inamwa madzi ake ochepawo. Anachita chimodzimodzi ndi inzake. Atainyamula anaima kaye, n'kutembenuka kundifunafuna m'gulu la anthu mpaka anandipeza.

"Madala," anatero ndi kaliwu kaja, "malata a masiku ano ngopepuka."

"N'zochokera kunja," ndinatero. "Zonse zikubwera choncho."

Anandiyang'anabe. Kenako anayang'ana akazi awo, omwe anali atawerama ngati akufuna china m'udzu. Ndinkadikira kuti aponya makeniwo pansi n'kutitukwana tonse. Sanatero. Anayamba kuyenda.

Panalibe kuthamanga, panalibe nyimbo. Phazi limodzi, kuima, linzake. Koma anafika pa mabedi, anathirira, anabwerera. Amayi ena anaomba m'manja. Wina anati taonani mphamvu za Mulungu, munthu anali wakufa uyu. M'mawa umenewo anapita kasanu ndi kamodzi, pomwe kale ankapita kopitirira makumi awiri. A Raymond anangoonerera ali pa chulu. Masana dzuwa lili pamutu a Dyna anabwera ndi ndowa kudzabwereza bedi lililonse, kenako kukaphika, kenako kukatikita miyendo ya bambo yomwe inkanjenjemera yokha pamphasa.

Tsiku lachiwiri zinayenda. Lachitatu zinayendanso, ngakhale madzulo ake anasanza. Ine ndinayamba kudzimva kuti ndine munthu wanzeru. Ndinafika pouza a Amisi kuti boma likadadziwa likanandilemba ntchito.

Lachinayi kunatentha kuyambira m'mawa. Pa ulendo wachitatu, ali pakati pa mabedi, miyendo inangopinda. Sanapunthwe pa kanthu. Anagwa chogwada pa bedi la mnzawo, keni imodzi n'kugubuduzika mpaka pafupi ndi chulu. Timadzi tinatuluka tochepa, kenako phee. A Raymond anatsika, anaitola, anaigwedeza. Anaigogoda pansi ndi chala ndipo inalira ngati ng'oma. Anthu onse anamva.

Sanakalipe. Anaiika pansi bwinobwino, n'kupita pomwe panali a Tobias, kuwabereka kumsana ngati mwana mpaka pamthunzi wa mtengo wa msuku. Anauza anthu kuti apitirize kuthirira, palibe kanema pano.

Madzulo ake a Raymond anabwera pa ine ndi makeni onse awiri pa njinga. Ine ndinayamba kale kukonza bodza, koma anandidula. Anati anadziwa kuyambira tsiku loyamba, chifukwa munthu wonyamula makeni odzaza mapewa amatsika, ndipo iyenso anakhalapo tenanti zaka zisanu ndi zitatu. Anati anali atatsimikiza kuyang'ana kumbali mpaka sabata ithe. Koma tsopano dambo lonse lamva, ndipo pa anthu makumi atatu sipalephera mmodzi wokhala ndi nambala ya bwana. Komanso banja lina lochokera ku Mulanje linali litafika kale, likugona m'shedi yosankhira fodya ndi ana atatu, kudikira nyumba iliyonse yomwe ingatseguke.

Ndinawapempha kuti alembe a Dyna. Ndinati mayi uja ndi amene wathirira mabedi onsewo, inunso mukudziwa. A Raymond anatulutsa foni pomwepo, ine ndikumva, n'kuimbira bwana. Anafotokoza mwaulemu, chipewa chili m'manja ngati bwanayo akuwaona. Yankho silinatenge nthawi. Akuti akalemba mkazi mmodzi, chaka chamawa amasiye onse a m'boma muno adzafika pa geti. Anapatsa a Tobias ndi akazi awo masabata awiri oti achoke m'nyumba ija.

"Mukadangondisiyira ine, madala," anatero a Raymond ponyamuka. "Mwina ndikanapeza ponamira. Koma ng'oma ija mwaimba ndinu."

Kaya ananena zoona kaya ankangodzipepesa, sindidziwa mpaka lero.

Masabata awiriwo ndinayenda ngati nkhuku yofuna poikira. Ine ndimakhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya mwana wanga wamkazi, ndipo pakhomopo mawu ndi a mkamwini. A Amisi anati akanalemba a Tobias ulonda wa masana, koma pakhonde pali kale mlamu wawo wolumala mwendo, sangachotse wodwala kuikapo wodwala. Ma esiteti ena awiri omwe ndinafikako anandifunsa funso limodzi lomwelo, ngati bamboyo amanyamula. Gladness anaimba foni akulira, akuti apongozi ake sangalole makolo a mkazi kudzakhala pamudzi wa mwamuna. Kutchalitchi anasonkha chimanga thumba limodzi. Pomaliza a Amisi anapeza lole ya m'bale wawo a Hussaini yomwe inkapita ku Limbe ndi mtedza, n'kupempha kuti iwatenge. Kuchoka ku Limbe kukafika ku Phalombe adzaona konko. Kukagona kuti, kwa mng'ono wa ana asanu ndi mmodzi uja, adzaonanso konko.

A Tobias sanandifunsepo za makeni. Ndinkapita kukawaona tsiku ndi tsiku, kudikira kuti anditukwane kuti mtima ukhale pansi, koma ankangokamba zina. Mafizo anasiya. Pepala lija a Dyna analipinda n'kuika m'Baibulo.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinapeza a Tobias atakhala pa thumba la chimanga panja, katundu ali pambali. Banja la ku Mulanje linali litaima chapatali ndi mitolo yawo, likuchita manyazi kuyandikira. Lole inali italiza kale hutala kumsewu, koma a Dyna kunalibe. A Tobias analoza kudambo ndi mlomo.

Ndinapeza a Dyna pa mabedi ndi ndowa. Mbande zinali zitamera bwino, zobiriwira ngati kapeti ya mu ofesi. Ndinawauza kuti lole ikudikira, ndipo fodya ameneyu si wawonso, athirire eni ake.

"Eni ake sanayambe," anatero osandiyang'ana. "Lero likapita osathirira zipsa. Latsala bedi limodzi."

Ndinaima pamenepo mpaka anamaliza. Ndikanawathandiza, koma ndowa yodzaza inenso sindiitha.

Pamsewu tinawakweza a Tobias anthu anayi, a Raymond ali kumiyendo. Tinawakhazika pakati pa matumba a mtedza kuti asagubuduzike. A Dyna anafunsa a Hussaini ngati angaime pang'ono ku Lilongwe, poti tsiku lobwerera kuchipatala linadutsa kale. A Hussaini anapepesa, anati mtedzawo ukufunika ku Limbe dzuwa lisanalowe, ndipo pamzere wa kuchipatala munthu sadziwa nthawi yotulukira. A Dyna anangogwedeza mutu n'kukwera.

Ine ndinazungulira kumbali ya lole komwe kunali mutu wa mnzanga. Zaka khumi ndi zinayi sitinasiyanepo popanda kutukwanizana, ndiye ndinafunafuna choti ndinene. A Tobias anatsegula pakamwa, ananena kanthu, koma injini inali italira kale ndipo kaliwu kaja sikanafike pansi. Ndinafuula kuti abwereze. Anayesanso, dzanja lili pakhosi. Lole inanyamuka ndisanamve.